Thandizo la eni nthaka ophunzira ntchito ya laibulale lisathere pa fizi

Ku United States, munthu wofuna kulembedwa ntchito ngati katswiri wa laibulale kawirikawiri amafunika digiri ya masitazi yovomerezedwa ndi bungwe la American Library Association, ndipo digiriyi imadya ndalama zambiri pomwe malipiro a ntchitoyo ndi ochepa. Kwa wachinyamata wa mtundu wa eni nthaka a dzikoli, monga Navajo, Hopi kapena Lakota, amene wakulira kudera la mtundu wake, kutali ndi mayunivesite, chipsinjo chimenechi n'chokwanira kumubweza asanayambe n'komwe.

Thandizo lilipo ndithu. Kuyambira mu 1997 bungwe la American Library Association limapereka ndalama zokwana madola 5,000 kwa ophunzira a mitundu yomwe ili ndi anthu ochepa pantchitoyi kudzera mu ndondomeko ya Spectrum, ndipo mu 2001 University of Arizona inakhazikitsa pulogalamu ya Knowledge River yosula eni nthaka pamodzi ndi anthu ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi. Bungwe la American Indian Library Association, lomwe linayamba mu 1979, nalonso lili ndi thumba lothandiza ophunzira lokumbukira Virginia Mathews, mmodzi wa amene analiyambitsa.

Ena amafunsa chifukwa chopatulira ndalama anthu a mitundu imeneyi, ngati kuti kusanja mabuku kulibe mbali. Mbali kuli. Dongosolo losanjira mabuku la Dewey, lomwe linatuluka mu 1876 ndipo malaibulale ambiri amalitsatirabe, limaika mabuku ochuluka onena za eni nthaka pa nambala 970, pamodzi ndi mbiri yakale, ngati kuti anthuwo anatha, ndipo nkhani zawo za chiyambi cha dziko nthawi zambiri zimaponyedwa pa 398, pakati pa nthano, pomwe Baibulo lili m'gawo la zipembedzo. Amene anaona vutoli n'kuchitapo kanthu anali mwini nkhani: Brian Deer, wa mtundu wa Mohawk wa ku Kahnawake ku Canada, m'zaka za m'ma 1970 anakonza njira yosanjira mabuku motsata mmene mitunduyo imadzionera yokha ndiponso ubale wake ndi malo ake, ndipo laibulale ya Xwi7xwa ku University of British Columbia imagwiritsa ntchito njira yochokera pa imeneyi. Palinso nkhani ya nyimbo zamiyambo ndi zithunzi zimene akatswiri akunja anajambula kalekale, zomwe zina mwa izo siziyenera kumvedwa kapena kuonedwa ndi aliyense kapena pa nyengo iliyonse. Munthu wobadwira mu mtunduwo amadziwa akuluakulu oyenera kuwafunsa zisanaikidwe pa intaneti.

Pamene ndikusiyana ndi opereka thandizo ndi apa: ambiri amalipira fizi n'kuona ngati ntchito yatha. Madola 5,000 samaliza digiri yonse, ndipo wophunzira amene ali ndi ana kapena akusamalira makolo amafunikanso lendi, ndalama zoyendera ndi intaneti yodalirika, yomwe m'madera ambiri a mitunduyi ndi yosowa. Choposa apo, akamaliza maphunziro amapeza kuti laibulale yakwawo ilibe ndalama zolembera katswiri, motero amakagwira ntchito ku yunivesite ya mumzinda, ndipo mtundu umene unayenera kupindula umatsala chimodzimodzi. Sindimudzudzula womaliza maphunziroyo, pakuti nayenso ali ndi ngongole zoti abweze.

Malaibulale ambiri a mitunduyi amadalira tindalama tochepa tochokera ku nthambi ya boma ya Institute of Museum and Library Services, ndipo mu Malichi 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti nthambiyi ichepetsedwe kufika pa ntchito zokhazo zimene malamulo amaikakamiza kuchita. Zimenezi zinaonetsa poyera kuopsa kodalira gwero limodzi. Maganizo anga ndi akuti mayunivesite amene akusunga zolembedwa ndi zojambulidwa za mitunduyi, n'kumapindula nazo pa kafukufuku wawo, azipereka thandizo lomanga pamodzi fizi, zofunika pa moyo wa wophunzira, ndi malipiro a zaka zingapo zoyambirira pa laibulale ya mtundu wake, ndipo atsogoleri a mtunduwo akhale nawo pagulu losankha wolandira thandizolo.