Afghanistan si bwalo la mpira abale

Ndakwiya kwambiri ndi zomwe wina waponya pa gulu lathu la WhatsApp. Chithunzi cha mapiri a ku Afghanistan, pamwamba pake walemba ngati zotsatira za mpira, eti Afghanistan 3, Britain, Soviet Union ndi America 0, anthu nkumaikapo timitima, wina mpaka kunena kuti amuna enieni ndi amenewo. 3 yake iti? Wagoletsa ndani? Dziko loti maliro sanaleke kwa zaka zoposa 40 inu mukuliwerengera zigoli?

Ine ndikuti palibe anawina kumeneko. Olowa aja amatopa nkubwerera kwawo, ofa ndi eni mudzi. Basi.

Mumakonda kutchula 1842, chabwino tiyeni. A Britain anathawa mu Kabul mu Januwale chisanu chili pachimake, asilikali pafupifupi 4,500 ndi anthu ena ngati 12,000 owatsatira, ophika, onyamula katundu, amayi ndi ana, ndipo ochuluka anathera m'zigwa za pakati pa Kabul ndi Jalalabad. Dzina lomwe dziko limakumbukira ndi la dokotala William Brydon amene anafika ku Jalalabad ali wovulala. Koma ambiri mwa ofawo anali amwenye olembedwa ntchito, mabwana omwe anaganiza za nkhondoyo anali phee kutali. Ndipo chaka chomwecho a Britain anabweranso kudzabwezera nkuphwasula msika waukulu wa Kabul. Mu 1878 anabweranso kachiwiri, mu 1893 nkujambula malire a Durand amene anadula mtundu wa a Pashtun pakati, mpaka lero malire amenewo akuyambanitsa Afghanistan ndi Pakistan. Kuwina kwake nkumeneko?

A Soviet analowa mu Disembala 1979 nkutuluka mu Febuluwale 1989. Mumati anataya asilikali pafupifupi 15,000, eya, nanga bwanji simutchula mbali inayo? Anthu a ku Afghanistan omwe anafa zaka zimenezo akuyerekezedwa kuti anali pafupifupi 1 miliyoni, oposa 5 miliyoni anathawira ku Pakistan ndi Iran, midzi yathunthu kusanduka mabwinja. Ankamwaza kuchokera mu helikopita timabomba tapulasitiki tooneka ngati gulugufe, mwana akatola kuti aseweretse dzanja lapita. Mabomba okwirira a nthawi imeneyo akuphulikabe m'minda, mlimi akupita kukalima tirigu osadziwa ngati abwera ndi miyendo yonse. Msilikali amene anawakwirira anabwerera kwawo kalekale mwina pano ali ndi zidzukulu.

Akuluakulu anati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo inu mukuombera m'manja udzu eti chifukwa njovu yachoka ikutsimphina.

Za America ndiye zimandiwawa chifukwa tinazionera tokha pa TV. Analowa mu Okutobala 2001 kufuna Osama bin Laden, munthuyo anakamupeza ku Abbottabad m'dziko la Pakistan mu 2011, iwo nkukhalabe zaka zina 10. Asilikali awo ofa ndi pafupifupi 2,400, aliyense ali ndi dzina, chithunzi ndi mbendera pa bokosi. Anthu wamba a ku Afghanistan ofa ndi oposa 46,000, asilikali ndi apolisi a boma lawo oposa 60,000, amenewo ndani amawatchula maina? Pa 3 Okutobala 2015 ndege ya America inaphulitsa chipatala cha bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ku Kunduz, anthu 42 anafa, odwala ena kupsera pa bedi pomwepo.

Ndiye tamverani ya pa 29 Ogasiti 2021, kutatsala tsiku limodzi kuti achokeretu. Bambo wina, Zemari Ahmadi, wogwira ntchito ku bungwe lothandiza anthu ndi chakudya, anatunga madzi m'zigubu nkuika mu Toyota Corolla yake yoyera kuti apite nawo kunyumba. Drone ya America, kandege kopanda munthu mkati, inamutsatira kwa maola pafupifupi 8, oyang'ana pa kompyuta nkuganiza kuti zigubu zija ndi mabomba. Atafika pakhomo ana anathamangira galimoto monga ana amachitira bambo akabwera, mzinga unagwa pomwepo. Anthu 10 a banja limodzi anafa, 7 mwa iwo ana. Kenako akuluakulu a nkhondo anavomera kuti analakwitsa ndipo palibe ngakhale mmodzi analangidwa. Pitani mukawauze otsala pa banja limenelo kuti dziko lawo likutsogola 3 kwa 0. Pitani!

Ndipo izi sizinayambe dzulo, Alexander Wamkulu wa ku Makedoniya anadutsa momwemo, Genghis Khan mfumu ya a Mongol anapha anthu a ku Bamiyan mu 1221, aliyense wofuna njira ya ku India kapena wofuna kutchingira mdani wake amaponda pamenepo. Zifukwa zimasintha koma woikidwa m'manda ndi yemwe uja, mlimi, m'busa, mayi wopita kukatunga madzi. Mapiri mukuwatamawo sabisa anthu onse, wonyamula mfuti amakabisala kuphanga, mudzi uli m'chigwa ndi umene umalandira mabomba.

Chinanso chikundinyansa, anthu omwewa akutama a Taliban, gulu lomwe linalanda boma mu Ogasiti 2021, ngati ngwazi chifukwa choti anathamangitsa mzungu. Mwaiwala anyamata aja anakakamira ndege pa bwalo la Kabul mu Ogasiti 2021 mpaka ena kugwa kuchokera m'mwamba? Munthu amathawa chonchija dziko loti lawina? Lero mtsikana akamaliza giredi 6 sukulu yathera pomwepo, ku yunivesite amayi analetsedwa mu Disembala 2022, inu muli ndi ana aakazi ku sekondale koma mukuika timitima. Kwinaku Pakistan ndi Iran akuthamangitsa othawa nkhondo kuwabwezera kwawo, ena anabadwira komweko sanaionepo Kabul. Ndiye mu Seputembala 2025 a Trump anati akufunanso bwalo la ndege la Bagram libwerere m'manja mwawo, ngati kuti kumeneko kulibe anthu oti nkuwafunsa. Chotsani chithunzi chimenecho pa gulu.