Mwana wasankhidwira humanities, anthu akumupepesa ngati pagwa maliro

Maganizo anga lero ndi aatali pang'ono, mundipirire abale.

Mwana wa achemwali anga wasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Tsiku lomwe mayina anatuluka pakhomo panali nthungululu mpaka anthu oyandikana nawo anabwera kudzaona, koma mawa lake atamva kuti kosi yake ndi humanities, kuti mwanayo mtima wake uli pa history ndi zilankhulo, nkhope zinasintha. Abambo ake aang'ono anamufunsa pamaso pa anthu kuti "iwe, history imeneyo ukaidya?" Ena akuti bola akanatenga unamwino, ena akuti bola accounts. Mtsikana anangozyolika. Usiku wake anandiimbira, mawu ali pansipansi, "Amalume, kodi ndalakwitsa kusankha?"

Funso limenelo landisowetsa tulo.

Nkhawa ya makolo ndikuimva, sindikuinyoza ayi. Fizi ndi yokwera, malo ogona ndi chakudya ku Zomba sizaulere, loni sapeza aliyense, ndipo tonse tikudziwa achinyamata a madigiri amene akuyendetsa kabaza pa boma pano. Munthu wagulitsa mpunga wake wonse kuti mwana aphunzire ali ndi ufulu wofunsa kuti mapeto ake nchiyani. Koma kuti ife a ku Nkhotakota, ife enieni, tizinena kuti history ndi yopanda ntchito, apo ndiye mutu wanga sukugwira.

Taganizani malo amene timapondapo tsiku ndi tsiku. Pano mpamene Jumbe, Salim bin Abdullah, wamalonda a akapolo uja, anakhazikika m'ma 1840, ndipo anthu ankamangidwa kuchokera kumtunda nkuwolotsedwa nyanjayi pa madau, ngalawa za matanga zija, ulendo wa ku Kilwa, ena mwa iwo abale a makolo athu. Mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'ma 1860 ulipobe, ana asukulu amadutsa pomwepo. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anadzasainirana pangano ndi Jumbe mu 1889. Bishopu Chauncy Maples anamira chakufupi ndi Salima mu 1895 ndipo anaikidwa konkuno m'tchalitchi cha All Saints. Mu 1960 chipani cha MCP chinachitira msonkhano wake pano, pomwe Kamuzu anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wonse, ndipo amene amadziwa zomwe zinatsatira mpaka 1994 akudziwa kuti tsiku limenelo silinali lamasewera. Mzikiti ndi tchalitchi zayandikana chonchi pa Linga, Asilamu ndi Akhristu kukwatirana nkumaikana maliro, zinayamba bwanji? Ndani adzawafotokozere ana athu zimenezi ngati aliyense wanzeru timuthamangitsira ku accounts?

Ndiye pali china chimene anthu amaiwala msanga. Nthawi imene dziko linali chete ndi mantha, ena mwa amene ankayesa kutsegula pakamwa anali a maphunziro omwewa. Ku Chancellor College, yomwe lero ndi yunivesite ya ku Zomba ija, kunali gulu la alembi lomwe linayamba cha m'ma 1970, ankakumana kuwerengerana ndakatulo, kunena mophiphiritsa zomwe munthu sakanazinena poyera. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anamangidwa mu September 1987 nkukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse kukhoti. Boma silitsekera munthu zaka pafupifupi zinayi chifukwa cha zinthu zopanda ntchito. Ndipo si kalekale lokha, mu February 2011 mkulu wa apolisi anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga, lekichala wa pa koleji yomweyo, chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, poyerekeza kusowa kwa mafuta ndi forex kuno ndi zomwe zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Malekichala anakana kulowa m'kalasi miyezi yambirimbiri, Jessie Kabwila ali patsogolo, ankati sitingaphunzitse akazitape atakhala pakati pa ophunzira. Ine nthawi imeneyo ndinkamvera pa wayilesi madzulo aliwonse, ndipo kanali koyamba kumvetsa kuti kalasi ya ku yunivesite imandikhudza ngakhale ine amene ndili kuno kunyanja.

Koma tsopano ndilankhule ndi inu madokotala ndi mapulofesa, chifukwa mbali ina ya vutoli ili kwa inu, ndipo ndikunena izi ndi ulemu wonse.

Ndili mnyamata kunabwera anthu awiri a kafukufuku kwathu, anali ndi kawayilesi kojambulira mawu, ka matepi kaja. Anakhala pamphasa ndi agogo anga aakazi masiku atatu pansi pa mtengo wa mango. Agogo anavala chitenje chawo chatsopano, anawaphikira mpunga ndi chambo, ndipo anafotokoza zomwe anamva kwa agogo awo, momwe anthu ankathawira kukabisala m'bango akamva kuti ogwira akapolo afika, mayina a midzi yomwe inatha, mpaka anaimba nyimbo ina yomwe ine ndinali ndisanaimvepo, akuimba misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinali pambali ndikuthamangitsa nkhuku kuti zisasokoneze tepi. Alendowo anathokoza, anati tidzabwera kudzakuonetsani. Agogo anadikira, galimoto ikaima kumsewu ankatituma kuti takaonani mwina ndi aja. Anamwalira osaona kalikonse. Nyimbo ija ndimangokumbukira mzere umodzi, ndipo zimandiwawa kuti mwina ili mu kabati ina yake kapena inasanduka pepala la Chingerezi chovuta lomwe linasindikizidwa kunja, loti ngakhale nditalipeza pa intaneti andiuza kuti ndilipire madola.

Ndiye abambo aang'ono aja akamafunsa kuti history ukaidya, musawaone ngati mbuli. Sanaonepo phindu lake likubwerera pakhomo pawo. Amaona pulofesa pa TV pokhapokha kukakhala zisankho kapena mkangano wa ndale, akuyankhula Chingerezi, basi. Ma public lecture amachitikira mu Great Hall ku Zomba kapena m'mahotela a ku Lilongwe, ife tingoona zithunzi pa Facebook. Chonsecho Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite yoona za zilankhulo, ilipo kuyambira 1996, anthu odziwa kulemba Chichewa chabwino alipo, wayilesi yathu ya m'boma muno ilipo ndipo asodzi amaimvera ali panyanja usiku. Chovuta nchiyani kuti amene wamaliza kafukufuku wa za Nkhotakota abwere Loweruka limodzi, akhale pa holo ya sekondale kapena pabwalo la amfumu, anene m'Chichewa kuti izi ndi zomwe munandiuza, izi ndi zomwe ndinapeza ku National Archives, mukuti bwanji? Ndikukutsimikizirani akulu akuno adzakutsutsani pena, adzakukonzani mayina ndi mibadwo ya mafumu, ndipo buku lanu lidzakhala labwino kuposa kale. Tsamba limodzi lokha la Chichewa losiyira a TA ndi aphunzitsi a history lingasinthe zambiri.

Mwana uja ndinamuyankha kuti sunalakwitse, pita ukaphunzire ndi mtima wonse, ntchito tidzaisaka limodzi, kaya uphunzitsi, kaya utolankhani, kaya kumasulira, kaya ku museum. Koma ndinamupempha chinthu chimodzi. Kwa Malengachanzi kuli mchimwene wa agogo aja womaliza, maso anafooka koma mutu uli bwinobwino, ndipo ndikukhulupirira kuti nyimbo ija akuidziwa. Tagwirizana kuti asananyamuke kupita ku Zomba tipita limodzi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, foni yanga ndiyo ili ndi memory yokwanira, ndipo tikajambula tiwamvetsera mawu awo tsiku lomwelo tisanatsanzike.