Mlandu suwola, koma kuno umafafanizidwa ndi kalata imodzi

Zikundipweteka kumva anthu akunena kuti mlandu wa katangale wa K1.7 biliyoni wa mtsogoleri wakale wa dziko lino a Bakili Muluzi "unatha". Unatha bwanji? Palibe woweruza amene anaima n'kunena kuti bamboyu ndi wolakwa kapena ndi wosalakwa atamva umboni wonse. Mlanduwo unakhala m'khothi kuyambira 2009, maloya a boma akusinthana, misonkho yathu ikulipira, ndiye mu Meyi 2023 mkulu wozenga milandu ya boma, DPP, analemba chikalata choti boma silipitiriza. Basi. Zaka 14 zinapita ndi siginecha imodzi.

Sindikunena kuti a Muluzi anaba. Iwo ankakana, ndipo mwina akanapambana. Chimene ndikukana n'chakuti mlandu wa ndalama zochuluka chonchi uthere mu ofesi m'malo mothera pamaso pa woweruza. Makolo anati mlandu suwola. Wathuwu sunawole ayi, anachita kuukwirira.

Onani mmene chingwe chake chimayendera, chifukwa anthu ambiri amangokalipira DPP osaona amene wagwira kumapeto. Gawo 99 la malamulo oyendetsera dziko limamupatsa mphamvu yoimitsa mlandu uliwonse woweruza asanagamule, ngakhale mlandu umene anayamba ndi a bungwe lothana ndi katangale la ACB. DPP ameneyu amasankhidwa ndi Pulezidenti, komiti ya aphungu imangovomereza. Gawo 101 likuti amatsatira malangizo a mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo. Mlangiziyo amamusankha ndani? Pulezidenti. Wochotsa DPP ndani? Pulezidenti yemweyo, ndipo tinaona a Chakwera akuchotsa a Steven Kayuni mu Januwale 2023. Ndiye munthu amene ntchito yake, bwana wake ndi tsiku lake lochoka zonse zili m'dzanja limodzi, mukufuna azenge mnzake wa dzanja limenelo? Musatipusitse.

Ena amati koma lamulo linasintha. Inde, mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa zoti ACB izipempha chilolezo kwa DPP isanatengere munthu kukhothi. Tinaomba m'manja. Koma anatsegula khomo lakumaso n'kusiya lakuseri lili pululu. ACB ikhoza kufufuza, kumanga, kuyamba mlandu, DPP n'kubwera pakati n'kuuzimitsa. Ndi zimene zinachitikanso mu Meyi 2024 pa mlandu wa malemu a Saulos Chilima wokhudza wabizinesi a Zuneth Sattar. A Chilima nawonso ankakana, ndipo anamwalira mwezi wotsatira dziko lisanamve umboni wonse. Ngakhale iwo sizinawakomere, chifukwa dzina loyeretsedwa ndi khothi n'losiyana ndi dzina longosiyidwa m'malere.

Chotchinga chimene chilipo n'chimodzi chokha: DPP ayenera kupereka zifukwa ku komiti ya aphungu yoona za malamulo pasanathe masiku 10. Kupereka zifukwa basi. Komitiyo ikapeza kuti zifukwazo n'zopanda mutu, singazenge mlanduwo yokha. Ndipo pakadutsa miyezi 6 boma lisanaudzutse, woganiziridwayo amaonedwa ngati womasulidwa, nkhani yatsekeka. Kaya chifukwa ndi ndale, kaya mafayilo anasowa, kaya mboni zinamwalira, kwa ine n'chimodzimodzi: mphamvu imeneyi yachuluka pa munthu mmodzi woyankha kwa munthu mmodzi.

Chofunika si chovuta. Mlandu wa katangale ukalowa m'khothi, usachotsedwe popanda woweruza kumva zifukwa pagulu n'kuvomereza. Zifukwazo zilembedwe, aliyense aziwerenge. DPP asachotsedwe ndi Pulezidenti yekha popanda aphungu. Chipani chilichonse chimalonjeza kuchepetsa mphamvu za Pulezidenti chikakhala kotsutsa, chikalowa ku Kamuzu Palace pakamwa pamauma. UDF, DPP ya chipani, PP, MCP, onse anadutsamo, chingwe chija palibe anachidula.

Ndipo musandiuze kuti boma limachedwa mwachibadwa. Mwezi womwewo wa Meyi 2023, apolisi ndi asilikali anagwira anthu othawa kwawo ku Lilongwe, amayi ndi ana omwe, kuwadutsitsa ku ndende ya Maula n'kukawatula ku Dzaleka, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Ma shopu awo ku Mgona ndi ku Area 25 anatsekedwa m'masiku owerengeka. Pamenepo mafayilo sanasowe, mafuta a galimoto anapezeka, palibe anapempha zaka 14. Wogulitsa sopo ndi mchere wochokera ku Burundi lamulo linamupeza m'bandakucha. Mnyamata woba mbuzi ku Dowa akugona pa limandi miyezi osaonana ndi woweruza, ndani anamulemberapo kalata yoimitsa mlandu?