Nkhupakupa ndi ubongo: kuyeza magazi kokha sikukwanira

Abale athu amene muli ku UK, makamaka inu amene pa tsiku lopuma mumakapitidwa mphepo ku Richmond Park, New Forest kapena kumapiri a ku Scotland, nkhaniyi ndi yanu. Nkhupakupa za kumeneko si zija zonenepa tinkathothola pa agalu kwathu. Zina n'zazing'ono ngati kanjere ka mpiru, zimaluma osamva kuwawa, ndipo zina zimanyamula matenda a Lyme.

Dzinali linachokera ku tauni ya Lyme ku Connecticut, ku America, komwe mu 1975 ana ambiri ankatupa m'malo olumikizira mafupa, ndipo mu 1982 Willy Burgdorfer anapeza bakiteriya amene amayambitsa. Koma ine chondivuta si mafupa. Bakiteriyayu akalowa m'mitsempha, nkhope imatha kupotokera mbali imodzi ngati sitiroko, mutu kuwawa kosalekeza, khosi kuuma, ndiponso ululu wowotcha kumsana kapena m'miyendo umene umakula usiku. Ena amatopa, amaiwalaiwala, tulo osabwera. Munthu wotere akafika kwa GP, dokotala woyamba kumuona, ali ndi mphindi 10 zokha, n'zosavuta kumuuza kuti ndi nkhawa kapena ntchito yamuchulukira. Ndipo ndani wa ife amene ntchito sinamuchulukire?

Chizindikiro chimene madokotala amadalira kwambiri ndi chidzolo chofiira chimene chimakula mozungulira pamalo olumidwa. Malangizo a 2018 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku England, amati chikaoneka, munthu apatsidwe mankhwala popanda kudikira zoyeza magazi. Apa ndi pamene ife akhungu lakuda timaluzira. Pakhungu lathu kufiirako sikuoneka bwino, mwina pamangodera pang'ono, ndipo zithunzi zambiri zimene madokotala anaphunzirira ndi za azungu. Chidzolo chikaphonyedwa, matenda amadzadziwika atafika kale patali.

Tsono magazi. Anthu ambiri amaganiza kuti ku labotale amafufuza bakiteriya weniweniyo. Ayi. Amafufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana naye, poyamba ndi njira yoyezera yotchedwa ELISA, kenako ina yotsimikizira yotchedwa immunoblot. Asilikaliwo amatenga milungu kuti achuluke, choncho mukayezetsa msanga, zotsatira zitha kunena kuti mulibe chonsecho muli nawo. N'chifukwa chake NICE imati ngati munayezetsa m'milungu 4 yoyambirira ndipo zizindikiro zikupitirira, mubwerezenso pakatha milungu 4 mpaka 6. Komanso asilikaliwo amakhalabe m'magazi zaka zambiri munthu atachira. Kuwapeza sikutanthauza kuti kuvutika maganizo kwanu kwa chaka chino kwachokera kwa nkhupakupa ya kalekale. Kuti atsimikize kuti bakiteriya wakhudza ubongo, madokotala amatenga madzi a mumsana ndi jakisoni, n'kuona ngati muli kutupa komanso ngati asilikali akupangidwira momwemo. Anthu amaopa jakisoni ameneyu, ndikumvetsa, koma palibe china cholowa m'malo mwake.

Maganizo anga ndi akuti mbali zonse ziwiri zikulakwa. Dokotala amene safunsa komwe wodwala anayenda akulakwa. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2021 anapeza kuti anthu amene anapezeka ndi Lyme kuchipatala ankadwala matenda a maganizo kuposa ena, ndiye si nkhani yoseka. Koma amene amandipsetsa mtima kwambiri ndi aja ogulitsa zoyeza pa intaneti, amene amatumiza magazi anu ku malabotale akunja ndi njira zosavomerezeka, n'kukuuzani kuti muli ndi Lyme yokhalitsa ndipo mumwe mankhwala miyezi yambirimbiri. Munthu amasiya mankhwala ake a maganizo, ndalama zimene akanatumiza kumudzi n'kutha, mwinanso matenda ake enieni, kaya chithokomiro kaya matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, osapezeka. Chonsecho Lyme ikakhudza mitsempha, mankhwala ovomerezeka ndi doxycycline kapena ceftriaxone kwa masiku 21.

Kwathu Lyme si nkhani kwenikweni, koma tili ndi m'bale wake. Nkhufi, zija zimabisala m'ming'alu ya nyumba zadothi n'kuluma usiku, zimafalitsa bakiteriya wotchedwa Borrelia duttonii, wodziwika kwambiri ku Tanzania. Thupi limatentha masiku angapo, n'kuzizira, n'kutenthanso, ndipo nayenso amatha kukhudza ubongo ndi kupotoza nkhope. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu sikamuona. Amaoneka pa maikulosikopu, makamaka magazi akatengedwa thupi lili lotentha. Ndiye wodwala amene wayezedwa malungo kawiri katatu osapezeka, koma kutentha thupi kukumabwererabe, afunsidwe za nyumba imene amagona, ndipo magazi ake aikidwe pagalasi tsiku lomwe watentha thupilo, osati akazizira.