Usipa mu nkhwani wanga

Ndili kumudzi kuno ku Ntchisi kuphunzira ntchito ya ulangizi, ndipo tikukhala awiri m'kanyumba kamodzi ndi mnzanga wa ku koleji. Tsiku loyamba lomwe ndinamuuza kuti ine sindidya nyama ngakhale nsomba. Anavomera, tinagwirizana zosinthana kuphika.

Dzulo ndabwerako kwa alimi nditatopa, kuvundukula poto, nkhwani wotendera uja wathiramo usipa! Nsinjiro zake ndinasinja ndekha mumtondo m'mawa. Akuti, "Aise, usipa si nyama, ingochotsamo." Ndichotse chiyani fungo litalowa kale? Zinandiwawa kwambiri. Makala anali atatha pambaula, nyemba sizikanapsa. Ndinadyera nsima tomato wosaphika ndi mchere. Chonsecho poto wachiwiri analipo, wotsukatsuka, pathandala pomwepo.