Bob Dylan sanali mlendo mu nyimbo za country

Anthu ambiri amamudziwa Bob Dylan ngati woimba nyimbo za folk zodzudzula nkhondo ndi tsankho, kapena ngati mpeki amene analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Ena akafika pa chimbale chake cha Nashville Skyline cha mu 1969 amati iye anangopatukirako ku country kwa kanthawi, ndipo maganizo amenewa sindigwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Munthuyu anakulira m'tauni ya migodi ya Hibbing ku Minnesota akumvera Hank Williams, katswiri wa nyimbo za country, pa wailesi, ndipo mwini wake sabisa kuti kapekedwe ka nyimbo anakaphunzira kwambiri kwa Williams.

Amene anazindikira msanga za ubale umenewu ndi Johnny Cash, woimba country wotchuka. Mu 1964, pamene okonda folk ena anayamba kumunena Dylan kuti wataya njira, Cash analembera kalata magazini ya Broadside yomuikira kumbuyo, ndipo chaka chomwecho anajambula nyimbo ya Dylan pamodzi ndi June Carter. Cash atayamba pulogalamu yake ya pa kanema mu June 1969 ku holo ya Ryman Auditorium mu mzinda wa Nashville, kuchimake kwa nyimbo za country, Dylan anali mmodzi mwa alendo a tsiku loyamba.

Komabe chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene zinachitika mu February 1966, pamene Bob Johnston, amene ankayang'anira ntchito yojambula, anamukopa Dylan kuti akagwirire ntchito mu situdiyo ya Columbia ku Nashville. Oimba zida a kumeneko, monga Charlie McCoy ndi mnyamata wa ng'oma Kenny Buttrey, anazolowera kujambula nyimbo zingapo zazifupi m'maola atatu n'kumapita kwawo. Tsono anakumana ndi munthu amene anawasiya akusewera makhadi usiku wonse iye ali pambali kumalizitsa mawu, ndipo atawaitana m'bandakucha, nyimbo yake inapitirira mphindi 11. Buttrey anadzafotokoza pambuyo pake kuti vesi iliyonse ikamatha iwo ankakweza zida poganiza kuti afika kumapeto, koma mwini nyimbo n'kuyambanso vesi ina. Anapirira, ndipo kukoma kwa chimbale cha Blonde on Blonde kunachokera m'manja mwawo. Zimandipweteka kuti anthu akamatamanda chimbalechi, maina a akatswiriwa satchulidwa kawirikawiri.

M'situdiyo momwemo munali munthu wina wosesa ndi kutaya phulusa la fodya, dzina lake Kris Kristofferson. Patangotha zaka zochepa, iyeyu anakhala mmodzi mwa apeki olemekezeka a country, ndipo ankanena poyera kuti Dylan anawatsegulira njira yolembera mawu akuya, okamba za kusungulumwa ndi chikondi mosapita m'mbali. Apa ndi pamene ndimaona mphatso yeniyeni ya Dylan ku country. Mzinda wa Nashville nawonso unapindula, chifukwa Joan Baez, gulu la The Byrds, Leonard Cohen ndi Neil Young onse anadzalondola mapazi ake kukajambula komweko.

Nyimbo zake sizinasiye kudyetsa oimba a country. Garth Brooks anafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za country zotchuka mu 1998 ndi nyimbo yopekedwa ndi Dylan, ndipo Wagon Wheel, imene Darius Rucker anaifikitsanso pamwamba mu 2013, inamera pa kolasi imene Dylan anaisiya yosamaliza mu 1973, woimba wina, Ketch Secor, n'kudzaiwonjezera mavesi.

Ife amene tinakula tikumva Don Williams pa wailesi nkhaniyi ikutikhudza ndithu, pakuti nayenso asanatchuke ku country ankaimba m'gulu la folk la Pozo-Seco Singers, lomwe linkajambula ku kampani ya Columbia yomwe ija ya Dylan. Kufatsa kwa kaimbidwe kake, ndi gitala wosachita phokoso amene makolo athu ankamukonda, ndikukhulupirira kuti mbali yake anachoka nayo ku gulu limenelo.