Ng'ombe yosonkherana ndi yabwino, koma ife a ku Chigwa tisamangolandira mafupa

Abale anga, lero ndilankhuleko nkhani yomwe ambiri amaiona ngati ya mabwana a ku Capital Hill okha koma ineyo imandipeza pakhomo pa shopu sabata iliyonse. Ndimakhala kuno ku Bangula, ku Chigwa cha Shire, ndimakonza makompyuta ndi maprinta, ndilinso ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa. Nkhani yake ndi ya mmene boma limagulira zinthu za makompyuta, intaneti, masisitimu, malaisensi komanso amisiri okonza zikaonongeka. Pali njira ina yoti mmalo moti unduna ulionse, khonsolo iliyonse, chipatala chilichonse chizidzigulira chokha, boma lipange kontrakiti imodzi yaikulu, mtengo akambirane kamodzi basi, kenako maofesi onse azingotapa pomwepo. Ineyo njira imeneyi ndikugwirizana nayo ndithu. Koma pali pena pomwe mtima wanga sukukhazikika ndiye ndati ndinene.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe ndikuivomerera. Amene munagwirapo ntchito mmaofesi mukudziwa za makotesheni atatu aja. Pepala limati tafunsa mashopu atatu tasankha wotchipa, koma ine ndi maso angawa ndinaonapo makotesheni atatu olembedwa ndi dzanja limodzi, mayina a makampani okha ndiwo osiyana. Mapeto ake ofesi iyi ili ndi printa ya mtundu wina, ofesi yoyandikana nayo mtundu winanso, tona akatha sungabwereke kwa mnzako chifukwa sizilowana, ndiye munthu akwere minibasi kupita ku Blantyre kukasaka tona mmodzi, transipoti ndi alawansi kuposa mtengo wa tonayo. Makompyuta ambiri omwe amabwera nawo kuno kuti ndiwaone ali ndi Windows yobera, antivayirasi inatha kalekale, fulashi imodzi yazungulira maofesi asanu ikufalitsa mavayirasi, malipoti a chaka chonse kusowa tsiku limodzi. Ndipo alembi ena amagula bandulo ndi ndalama za mthumba mwawo kuti atumize lipoti la boma. Izi zimandiwawa kwambiri, anthu amenewa malipiro awo ndi ochepa kale.

Ndiye kugula pamodzi kuli ngati zomwe timachita pa Khrisimasi. Anthu khumi kapena makumi awiri kusonkherana chaka chonse, nthawi ikakwana kupita ku msika wa ng'ombe kukagula yamoyo, aliyense amapeza nyama yambiri kuposa akanakagula payekha ku butchala. Wogulitsa akaona kuti mwabwera gulu ndi ndalama mmanja amatsitsa mtengo. Boma nalo likapita kwa kampani ya intaneti nkunena kuti tikufuna kulumikiza maofesi mazanamazana, mtengo sungakhale ngati wa ofesi imodzi ya ku Tengani yopempha yokha. Ndipo izi si zachilendo ayi, mu 2017 World Bank inavomereza ndalama zokwana $72.4 miliyoni za pulojekiti ya Digital Malawi yomwe inkayendetsedwa ndi bungwe la boma la Public Private Partnership Commission (PPPC), ndipo gawo lina linali lomwelo logula intaneti yochuluka nthawi imodzi nkugawira maofesi a boma, masukulu ndi zipatala. Mankhwalanso zipatala za boma zimatenga ku Central Medical Stores Trust, sikuti chilichonse chimakasaka chokha. Choncho nzeruyi tili nayo kale.

Koma amene munasonkherapo ng'ombe mukudziwa kuti nkhani siithera pogula, nkhani ili pogawana. Amene aima pomwe ng'ombe ikusendedwa amatenga minofu ndi chiwindi, amene anali kumunda nkutuma mwana mochedwa amalandira mafupa ndi mang'ina pomwe anasonkha mofanana. Ng'ombe ya bomayi imaphedwera ku Lilongwe abale. Ife tili kumapeto kwenikweni kwa M1, kuchoka ku Nsanje boma kukafika ku Blantyre kokha ndi makilomita oposa 170, Lilongwe ndiye osanena.

Ndikuuzeni zomwe zinachitika ku ofesi ina ya boma kuno kwathu, dzina sinditchula. Anabweretsa kompyuta ndi kachipangizo kolumikizira netiweki, zatsopano zabwino, zogulidwa kumtunda pa kontrakiti yaikulu. Patangopita miyezi ingapo kompyuta ija inayamba kuzima yokha masana. Mlembi wa pamenepo, munthu wamkulu yemwe ndimamulemekeza, anandiitana kuti achimwene tadzaonani. Nditangoimva kulira kwake ndinadziwa kuti fani yatsekeka ndi fumbi, makinawo akutentha nkumadzizimitsa, ntchito ya ola limodzi ndi kabulashi. Koma pa bokosipo panali kasitika koti aliyense akatsegula waranti yatha, oyenera kukonza ndi a kampani yomwe inawina tenda basi. Sindinaigwire. Anaimba foni, anauzidwa kuti lembani kalata idzere ku boma, kalata inapita, anthu okonzawo anati tibwera tikakhala ndi ulendo wa kumeneko chifukwa sitingaotche fuwelo kudzera kompyuta imodzi. Inatha miyezi iwiri. Mmiyezi iwiri imeneyo anthu amabwerabe, ndipo sindidzaiwala agogo ena omwe anaoloka pa bwato kuchokera tsidya la East Bank, analipira bwato analipira kabaza, kufika pa windo nkuuzidwa kuti netiweki nkhabe, bwerani mangwana. Agogowo sanakalipe, anangokhala pansi pa mtengo nkumasula kansalu kawo kuwerenga ndalama zotsala ngati zikwane kubwerera. Ku likulu pa pepala kontrakiti imeneyo inapulumutsa ndalama za boma, koma mtengo wake analipira ndi agogo aja.

Ndiye apa ndi pomwe ndaima. Kontrakiti ya pamodzi isamayezedwe ndi mtengo wa bokosi lokha, iziyezedwa ndi masiku omwe makina amakhala akugwira ntchito ku ofesi ya kutali kwambiri. Ngati mukulemba kuti chikaonongeka tikonza pasanathe masiku awiri, mulembe momveka kuti masiku awiriwo ndi a ku Makhanga, ku Chapananga ndi ku Marka komwe, osati a ku Area 3 okha. Ndipo akalephera, ndalama zawo zizidulidwa. Wosayinira kuti ntchito yagwiridwa akhale mlembi kapena bwana wa pa ofesi yomweyo yomwe ili ndi makinawo, osati munthu wa ku likulu yemwe sanatsikepo mapiri a Chikwawa.

Chinanso, olemba makontrakitiwa adziwe kuti kuno ndi kwina. Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ofesi ya malata yopanda siling'i masana imakhala ngati uvuni, kompyuta yomwe ku Dedza ikhoza kukhala zaka zisanu kuno ikhoza kufa chaka chimodzi ngati palibe woipukuta. Magetsi ndiye mukukumbukira, namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko lonse linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo zinatenga nthawi yoposa chaka kuti abwerere. Mu Malichi 2023 kunabweranso Freddy, misewu kuduka, madera ena osafikika kupatula pa bwato kapena ndege. Nthawi ngati imeneyo ndi yomwe boma limafunitsitsa makompyuta kuti lilembe mayina a anthu mmakampu, kuwerenga matumba a ufa, kutumiza malipoti, ndipo ndi nthawi yomweyo yomwe mmisiri wa ku Blantyre sangadutse pa Thabwa. Choncho pa mndandanda wa zogula pamodzi pazikhala sola ndi mabatire, mashelefu okweza makina mmwamba madzi asawapeze, ndi masisitimu oti munthu azitha kulemba ngakhale netiweki palibe nkudzatumiza ikabwera. Zimenezi kwa ife sizapamwamba, popanda izo bokosi lija ndi chokongoletsera tebulo chabe.

Tsono za amisiri. Ena munena kuti mkuluyu akungofuna tenda. Sindibisa, ntchito ndingaikonde, ndili ndi ana kusukulu. Koma sindikunena za ine ndekha. Ku Nchalo, ku Ngabu, ku Nsanje boma kuli anyamata ndi atsikana omwe anaphunzira za makompyuta mmakoleji, ena ali ndi madipuloma, akungoika nyimbo mmamemori khadi pa msika chifukwa ntchito kulibe. Vuto la kontrakiti yaikulu ndi loti imafuna kampani yaikulu, ya ndalama zambiri ku banki, ya mapepala a zaka zambiri, ndiye ang'onoang'ono tonse timagwa pa chipata. Pomwe lamulo la zogula za boma la 2017, lomwe linakhazikitsa PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, linanena za kupereka mpata wa 60 peresenti kwa Amalawi eni nthaka pa makontrakiti a mdziko muno, ndipo mu 2020 panatulukanso lamulo lina lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kuti azipeza nawo makontrakiti a boma. Nanga tikamanga zonse mtolo umodzi waukulu woti anganyamule ndi makampani awiri atatu a mtauni, malamulo amenewa apindulira ndani? Njira ilipo yosavuta. Zogula zikuluzikulu monga malaisensi ndi intaneti zipite kwa akuluakuluwo, palibe vuto, koma ntchito yokonza ndi kusamalira igawidwe mmadera, Chikwawa ndi Nsanje likhale gawo lakelake, ndipo wowina akakamizidwe kukhala ndi mmisiri wokhala konkuno, womuphunzitsa ndi kumupatsa chilolezo chotsegula bokosi lija. Munthu wa njinga yamoto wochokera ku Ngabu afika ku Bangula tiyi asanazizire. Komanso boma lizilipira msanga, chifukwa kampani yaikulu ikhoza kudikira cheke miyezi isanu ndi umodzi koma mnyamata wa pa msika sangathe, bizinesi imafa.

Pali china chomwe chimandiopsa kuposa zonsezi. Mudzi wonse ukasunga chimanga mu nkhokwe imodzi, nkhokweyo ikapsa palibe khomo lokapempha. Tinaziona ndi mapasipoti kumayambiriro kwa 2024, kusindikiza kunaima kwa masabata, a Chakwera ali pulezidenti anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti sisitimu yalowedwa ndi akuba a pa intaneti omwe amafuna dipo. Anthu ofuna kupita kuchipatala kunja, ophunzira, amalonda, onse anangoti kakasi. Iyo inali nthambi imodzi yokha. Tangoganizani sisitimu imodzi itagwira zipatala, makhonsolo, malipiro a aphunzitsi ndi zitupa nthawi imodzi, kenako makiyi ake onse ali mmanja mwa kampani yomwe mwayambana nayo. Ndiye kontrakiti iliyonse ya pamodzi izinena poyera kuti data ndi ya boma la Malawi, mapasiwedi akuluakulu asunge ndi akatswiri a boma a ku dipatimenti ya E-Government, ndipo tsiku losiyana kampaniyo ipereke zonse mwadongosolo. Makampani akhale awiri kapena atatu pa mndandanda kuti wina akagona ofesi ithe kupita kwa mnzake, ndipo zaka zikhale zochepa, ziwiri zitatu tibwererenso ku msika. Mitengonso aionetsetse, malaisensi ambiri amalipiridwa mmadola, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kontrakiti yosaganizira zimenezi imasanduka ngongole yomwe palibe anaikonzekera.

Ndipo tisanamizane kuti kompyuta payokha imaletsa kuba. Cashgate ya 2013 inadutsa mu IFMIS momwemo, sisitimu ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, anthu amalowa mu sisitimu kulipira makampani omwe sanagulitse kanthu kenako nkufufuta, akatswiri ofufuza za ndalama a kampani ya Baker Tilly atafufuza anapeza ndalama zoposa K13 biliyoni pa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kontrakiti ikakula nayenso wakuba amakula njala. Mankhwala ake ndi kuika zinthu poyera basi. Mndandanda wa mitengo yomwe boma lagwirizana upachikidwe pa bolodi ku khonsolo ya Nsanje ndi ya Chikwawa, kuti laputopu ndi mwakuti, tona mwakuti, intaneti pa mwezi mwakuti, kampani yake ndi iyi, nambala yodandaulira ndi iyi. Makhansala athu, mafumu, a komiti ya chitukuko cha mdera (ADC) ngakhale ine wa pa shopu tizitha kuwerenga nkufananiza ndi mitengo ya ku Limbe. Ngati mtengo wa pamodzi ukuposa wa mu shopu ndiye kuti pena pake pali dzanja.

Aphungu athu a kuno ku Chigwa, chonde nkhani ngati izi musamazisiye kuti nza akatswiri. Mukamafunsa za mlatho wa Chiromo ndi msewu wa East Bank muzifunsanso kuti makontrakiti a makompyutawa akunena chani za maboma athu awiriwa, mmisiri wake amakhala kuti, amafika patatha masiku angati. Kompyuta ija pomaliza anadzaikonza, munthu wake anafika cha mma 10 mmawa, anatsegula, anapemerera fumbi, pofika 11 anali atanyamuka kubwerera ku Blantyre. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku mapiri a Thyolo, Ruo ndi Shire adzadzanso posachedwapa, ndipo fumbi mu fani ija layambanso kulowa.